Agogo akalamba, kodi opaleshoni ya m'matumbo angaipirire?

Tikamayendera odwala Sabata masana, timakumana ndi mabanja ogawanika. Dokotala wapeza chotupa m'matumbo aakulu a agogo ndipo akuti pakufunika opaleshoni. Ana ena akuti, "Amayi akalamba, musawavutitse ndi mpeni." Ena akuti achitidwe basi. Eni thupi nthawi zambiri safunsidwa n'komwe.

Masiku ano opaleshoni yotere imatheka popanda kung'amba mimba yonse. Madokotala amaitcha laparoscopy. Amaboola timabowo tingapo ta sentimita imodzi kapena kucheperapo, n'kulowetsa kamera ndi zipangizo zazitali zowonda. Mimba amaipopa ndi mpweya wa carbon dioxide kuti aone bwino mkati, ndipo mbali yodwala ya thumbo amaitulutsira pa bala laling'ono. Njirayi inayamba kugwiritsidwa ntchito pa matumbo aakulu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa COST, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2004, anapeza kuti khansa inkabwereranso mofanana mwa ochitidwa njira iyi ndi mwa ong'ambidwa mimba, koma oboola timabowo ankatuluka msanga m'chipatala.

Kwa okalamba phindu lake ndi lalikulu. Bala likachepa, ululu umachepanso. Agogo amatha kupuma mokoka mpweya ndi kutsokomola, motero chibayo sichiwapeza msanga. Amadzuka n'kuyenda mofulumira, zomwe zimateteza kuundana kwa magazi m'miyendo ndi zilonda za pabedi.

Koma njirayi si ya aliyense. Mpweya wa m'mimba uja umapanikiza mapapo ndi kulemetsa mtima, ndipo opaleshoniyo imatenga nthawi yaitaliko. Wodwala mtima kapena mapapo kwambiri angafunike njira yong'amba. Nthawi zina dokotala amayamba ndi timabowo, kenako n'kutsegula mimba ataona kuti pali povuta. Kumeneko si kulephera, ndi kusamala moyo.

Choncho tisayeze ndi zaka zokha. Agogo a zaka 80 amene amalimabe dimba lawo angapirire bwino kuposa munthu wa zaka 65 amene amabanika akangofika pakhomo. Madokotala amayang'ana mtima, mapapo, impso, kuchuluka kwa magazi ndi mphamvu za thupi.

Ife a pabanja tili ndi gawo lathu. Masiku odikira opaleshoni, agogo aziyenda tsiku lililonse ndi kudya zomanga thupi monga nyemba, nandolo, soya, mtedza ndi mazira. Kusala kudya powapempherera tisale ndife, osati iwo, kupatula maola amene adokotala anena. Tionetse dokotala mankhwala onse amene akumwa, makamaka aspirin, warfarin, a shuga, a BP ngakhalenso azitsamba. Tifunsenso ngati chipatalacho chimachita opaleshoni ya timabowo kawirikawiri.

Akatuluka, tikhale tcheru makamaka sabata yoyamba, chifukwa polumikiza thumbo pangathe kudontha. Kutentha thupi, mimba kutupa kapena kuwawa kwambiri, kusanza, kapena kusokonezeka mutu mwadzidzidzi, zonsezi n'zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo.

Tisanagwirizane chilichonse monga ana, tikhale nawo pansi agogowo, tiwafotokozere zimene dokotala wanena m'mawu omveka, tipemphere nawo limodzi, kenako tiwafunse kuti, "Inu mukufuna chiyani?"