Msika umodzi uli ngati chipani chimodzi

Abale anga amene munagwirako ntchito m'migodi ya ku Joni mukuwadziwa bwino Abasotho, anthu aja oyenda atafunda bulangete ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Kwawo ku Lesotho ndi kumapiri, minda ndi yochepa, ndipo chuma cha munthu wakumudzi ndi nkhosa ndi mbuzi za Angora. Akameta ubweya nagulitsa, ndiye kuti fizi ya ana ndi ufa zapezeka. Ndikufuna tikambirane zomwe boma lawo linawachita m'dzina lowapezera msika watsopano.

Kwa zaka zoposa 40, alimiwa ankatumiza mabelo a ubweya ku South Africa, kumene kampani ya BKB inkawagulitsira pa okushoni ku Port Elizabeth, mzinda umene lero ukutchedwa Gqeberha. Ogula a maiko osiyanasiyana ankalimbirana, mtengo nkumadziwika poyera. Koma mu 2018 boma la a Thomas Thabane linaika lamulo loletsa kutulutsa ubweya popanda chiphaso, nkulamula kuti ubweya uzigulitsidwira m'dziko momwemo. Msika wake unali umodzi, wa ku Thaba-Bosiu, ndipo woyendetsa anali mkulu wa bizinesi wochokera ku China, a Stone Shi.

Mawu a boma anali okoma kukhutu. Ati ndalama zisathere kwa anthu akunja, ati ntchito zipezeke pakhomo, ati ubweya uzipita mwachindunji kwa ogula aakulu. Ine sindikutsutsa zimenezo. Dziko lodalira khomo limodzi la mnansi wamphamvu liyenera kufuna makomo ena, ndipo kusaka misika ndi ntchito ya boma ndithu. Funso langa ndi ili: ngati msika watsopanowo unali wabwino chotero, chinavuta nchiyani kuusiya kuti upikisane ndi wakale? Fodya wabwino safuna wapolisi kuti agulidwe.

Zotsatira zake zinaoneka msanga. Alimi ambiri anapereka ubweya nakhala miyezi ndi miyezi osalandira kanthu, ena nalandira zochepa. Mu Juni 2019 alimi zikwizikwi anatsika m'mapiri kukachita zionetsero ku Maseru. Mu Novembala chaka chomwecho aphungu anafika pomenyana nkhonya m'nyumba ya malamulo pa nkhani yomweyi. Pamapeto pake boma linafewetsa lamulolo, ubweya nuyambanso kuoloka malire. Koma kodi mwana amene analeka sukulu chaka chimenecho anamubwezera ndani?

Amalawi anzanga, nkhaniyi siyachilendo kwa ife. ADMARC itakhazikitsidwa mu 1971, mlimi wamng'ono wa thonje, mtedza ndi fodya analibe kwina kogulitsa. Mtengo ankauikira ku ofesi, phindu nkumakakulitsa maesiteti a anthu akuluakulu, pamene mlimi wakumudzi sankaloledwa ndi kulima komwe fodya wa bale kufikira cha m'ma 1990. Nthawi imeneyonso tinkauzidwa kuti zonsezi nzotiteteza. Wofunsa funso ankatchedwa chigawenga, ndipo ena mwa inu munakagona kunja zaka zambiri chifukwa cha mafunso otere.

Nchifukwa chake ndikuti msika umodzi uli ngati chipani chimodzi. Wogula akadziwa kuti ulibe kwina kopita, salabadira za mtengo kapena tsiku lolipira, monga momwe wolamula wopanda wopikisana naye salabadira kulira kwa anthu. Pa 14 Juni 1993 tinakana kusankhiridwa mtsogoleri. Tikanenso kusankhiridwa wogula.

Boma lofuna kuthandiza mlimi litsegule khomo latsopano osatseka lakale. Liyambe lafunsa eni ziweto kudzera m'mabungwe awo, mgwirizano ndi wogula uwerengedwe poyera m'nyumba ya malamulo, ndipo wochedwa kulipira alandidwe chiphaso, ngakhale akhale bwenzi la nduna. Abasotho anapambana chifukwa anali ndi ufulu woyenda pamsewu ndi nyuzipepala zolemba zoona. Ufulu umenewo tiusunge ngati mbewu, pakuti tsiku lina wina adzabwera kuno ndi lamulo lokoma kukhutu pa soya, nandolo kapena thonje lathu. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.