Tisoke tokha mamasiki, ndipo akhale okongola

Mu 2021, mwezi wolemekezeka wa Ramadhan unayandikira misozi isanaume. Pa 2 April 2020 boma linalengeza kuti anthu atatu oyamba apezeka ndi Covid-19 m'dziko muno. Ambiri a ife kuno kunyanja tinaiyesa nthenda ya m'tauni ndi ya okwera ndege. Mwezi wa January 2021 unatiphunzitsa zina. Pa 12 January nduna ziwiri za boma, m'bale wathu Mohammed Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo m'masabata amenewo maliro anachuluka m'midzi ndi m'mizinda momwe. Ngakhale Hajj ya 2020 inachitika popanda alendo ochokera kunja kwa Saudi Arabia.

Katemera anafika ndithu. Pa 5 March 2021 ndege inatsitsa katemera woyamba wokwana 360,000, koma ameneyu anali wochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha Amalawi, ndipo oyamba kulandira anali ogwira ntchito zachipatala, okalamba ndi ena amene ali pachiopsezo chachikulu. Msodzi wa ku Makanjira, mayi wogulitsa usipa ku Senga Bay ndi mwana wa madrasa ku Nkhotakota anayenera kudikira kaye. M'kudikira kumeneko, masiki inali chida chimene banja lililonse likanatha kukhala nacho.

Chimene tinkaona m'misika ndi m'mizikiti yathu nthawi imeneyo chinali chodandaulitsa. Ena ankasunga masiki m'thumba kuti aivale akaona apolisi, poopa chindapusa cha K10,000 chomwe chinakhazikitsidwa mu August 2020. Ena ankaikoleka pachibwano, mphuno ili pamtunda. Enanso ankagula ija yabuluu, yomwe inapangidwa kuti ivalidwe kamodzi, n'kuivala sabata yathunthu mpaka kuda bii, kenako n'kuitaya pamchenga. Mamasiki otayidwawo ndi apulasitiki, saola msanga, ndipo mvula ikagwa amathera m'nyanja momwe timatunga madzi ndi kupha nsomba. Maganizo athu ndi akuti banja lililonse la Chisilamu lisoke lokha mamasiki ansalu, ochapika, okwana bwino ndiponso okongola, Ramadhan isanayambe.

Pali abale ena amene amati kuvala masiki n'kuchepa kwa chikhulupiriro, pakuti chimene Allah analemba sichithawika. N'zoona kuti palibe chimene chimachitika kunja kwa chifuniro chake. Komatu mbiri ya maswahaba ili poyera. M'chaka cha 18 cha Hijra, chomwe ndi 639, mliri unabuka ku Amwas m'dziko la Sham. Khalifa Umar ibn al-Khattab anali pa ulendo wopita komweko, ndipo atafika pa Sargh anamva za mliriwo. Anafunsa nzeru kwa maswahaba, n'kuganiza zobwerera ku Madina. Abu Ubaydah atamufunsa ngati kumeneko sikunali kuthawa chikonzero cha Allah, Umar anamuonetsa kuti kudziteteza nakonso kuli m'kati mwa chikonzero chomwecho. Kenako Abdur-Rahman ibn Awf anatsimikiza kuti anamva Mtumiki (Mtendere ndi Madalitso a Allah zikhale pa iye) akuletsa kulowa m'dera la mliri komanso kutulukamo mothawa. Tawakkul ya Umar palibe pakati pathu angaikayikire, koma iye anabwerera.

Ndiponso kutchinga pakamwa si mwambo wobwera dzana. Abu Dawud ndi Tirmidhi analemba kuti Mtumiki akamayetsemula ankaphimba kumaso ndi dzanja kapena nsalu, n'kutsitsa mawu. Madokotala a lero akutiuza kuti kachilombo ka corona kamayenda m'timadontho totuluka m'kamwa ndi m'mphuno pamene munthu akutsokomola, kuyankhula ngakhale kupuma, ndi kuti munthu amatha kupatsira ena iye asanamve kudwala kulikonse. Masiki yansalu ntchito yake yaikulu ndi kugwira timadonthoto tisanafike pa mnzathu, ngakhale kuti imatetezakonso woivalayo. Choncho woivala akulemekeza gogo amene waima naye phewa ndi phewa pa safu.

Ena amafunsa za Swala, pakuti m'mabuku a fiqh kutseka pakamwa poswali ndi makruhu. Amenewa afunsa bwino. Yankho la maulama ndi lakuti chinthu cha makruhu chimasiya kukhala chotero pakakhala chifukwa chenicheni, ndipo mliri ndi chifukwa chokwanira. Swala ya wovala masiki ndi yolondola, pakuti chipumi chimafika pansi pa sijida popanda chotchinga, ndipo kuwerenga kumatheka. Ku Makka ndi ku Madina komwe anthu ankaswali atavala mu 2021. Swaumu nayonso siwonongeka ndi masiki.

Tsono kasokedwe kake n'kotani? Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu June 2020 kuti masiki yansalu ikhale ya nsalu zitatu zosanjikiza. Yam'kati, yokhudza khungu, ikhale yathonje kuti izimwa chinyezi cha mpweya, ndipo ndi bwino ikhale yoyera kuti litsiro lizioneka msanga. Yapakati ndiyo sefa. Yabwino ndi ija yosalukidwa ya polypropylene, koma ikasowa ikanipo yathonje ina yolukidwa mothinana. Yakunja ikhale yosamwa madzi msanga, monga ya polyester kapena yosakaniza polyester ndi thonje. Musanadule nsalu, iyang'anitseni kudzuwa: ngati kuwala kukudutsa mosavuta, timadontho natonso tidutsa. Nsalu yotamuka ndi ya maukonde isiyeni. Silika nayenso WHO siimulimbikitsa, ndipo kwa ife amuna ndi woletsedwa kale.

Chapani nsaluzo ndi kuzisita musanadule, kuti zisadzafupike masiki itasokedwa kale. Kwa munthu wamkulu dulani zidutswa za masentimita 20 m'litali ndi 18 m'lifupi. Kwa mwana wa sukulu chepetsani molingana ndi nkhope yake. Sanjikizani zitatuzo, sokani m'mbali n'kusiya kampata kotembenuzira, tembenuzani, sitani, kenako pindani mapindo atatu oloza pansi kumbali yakunja ndi kuwasokerera m'mphepete. Mapindowa ndiwo amalola masiki kutambasuka kuchokera pamwamba pa mphuno mpaka kunsi kwa chibwano. Kawaya kofewa kosokeredwa m'mphepete mwa pamwamba kamathandiza kuti igwire mphuno, ndipo ovala magalasi sachita nayo nkhungu. Wopanda makina asadandaule, singano ndi ulusi zikwanira, bola msoko ukhale wothinana.

Pano pali phindu limene masiki ya m'sitolo ilibe. Amayi ndi alongo athu ovala hijabu amavutika ndi lasitiki yokoleka m'makutu, pakuti makutuwo ndi ophimbidwa. Iwo asokere zingwe zansalu zomangira kumbuyo kwa mutu, pamwamba pa hijabu, kuti azitha kuvula popanda kuvundukula tsitsi pagulu. Abambo a ndevu zambiri atalikitse masiki yawo kumunsi ndipo nawonso agwiritse zingwe, kuti m'mbali musatsale mipata. Ana a zaka zisanu kutsika m'munsi asakakamizidwe kuvala, malinga ndi malangizo a WHO ndi UNICEF.

Nanga kukongola kukubweramo bwanji m'nkhani ya matenda? Tikudziwa khalidwe la anthu: chovala chimene munthu amachita nacho manyazi chimakhala m'thumba, koma chimene amachinyadira amachivala osauzidwa. Mtsikana amene masiki yake yafanana ndi hijabu yake saiiwala pakhomo. Mnyamata amene yake yagwirizana ndi kanzu ndi mzuli sadikira wapolisi. Chisilamu sichidana ndi kuvala bwino. Mu Sahih Muslim muli nkhani ya munthu amene anaopa kuti kukonda zovala ndi nsapato zabwino kungakhale kudzikweza, ndipo Mtumiki anamumasula pomuphunzitsa kuti kudzikweza ndiko kukana choonadi ndi kunyoza anthu. Choncho sankhani mtundu wokusangalatsani, ikani kamzere ka chitenje m'mphepete, sokani mwaluso. Chenjerani chabe kuti zokongoletsa zisaboole nsalu pakati, pomwe mpweya umadutsa.

Malire alipo. Dzina la Allah, dzina la Mtumiki kapena ndime ya Qur'an zisalembedwe pa masiki, chifukwa imanyowa ndi malovu, imagwa pansi ndipo munthu amalowa nayo kuchimbudzi. Nsalu ya chipani nayonso isasokedwe masiki yopita nayo kumzikiti, poti safu ndi malo ogwirizanitsa anthu.

Masiki yosachapa ndi najisi ya mtundu wake kwa thanzi, ndipo ife amene timayamba maphunziro a chipembedzo ndi mutu wa twahara tisagonje pamenepa. Munthu aliyense akhale ndi ziwiri kapena zitatu, pakuti kutentha kwa kunyanja kumanyowetsa nsalu msanga, ndipo yonyowa iyenera kusinthidwa. Ichapeni tsiku lililonse ndi sopo m'madzi otentha. Ngati mwachapira madzi ozizira, iwiritseni kwa mphindi imodzi. Yanikani padzuwa ndi kusita, ngakhale ndi simbi yamakala. Pochita wudhu, vulani pogwira zingwe, ikani m'kathumba koyera, osati pakhoma lonyowa la posambira. Masiki sabwerekana, ngakhale pakati pa mwamuna ndi mkazi wake.

Za mtengo zisatiopse. Ramadhan ikamayandikira matelala a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amayamba kusoka zovala za Eid, ndipo pansi pa makina awo pamadzadza zidutswa. Popereka nsalu yanu, uzani telala kuti zotsala asokere mamasiki a banja lonse. Magulu a amayi a dawa akhoza kupatula tsiku limodzi losoka, makomiti a mizikiti n'kugula ulusi ndi lasitiki. Mutu umodzi susenza denga. Dengu la mamasiki atsopano pakhomo la mzikiti, loti wosowa atengepo n'kupita nayo kwawo, ndi sadaka yoyenera mwezi umene ukubwerawu, chimodzimodzi futari imene timagawana.

Tisanamizane kuti kansalu kameneka kathetsa zonse. Kusamba m'manja ndi sopo, kutalikirana, kutsekula mazenera a mzikiti nthawi ya Taraweh, kukhala kunyumba pamene thupi latentha ndi kulandira katemera nthawi yathu ikakwana, zonsezi zimayendera limodzi. Amene akubanika apite naye kuchipatala msanga. Koma pa zonsezi, kusoka masiki ndi ntchito imene tingayambe lero madzulo, ndi nsalu imene ili kale m'sutikesi.

Tikupempha masheikh anzathu kuti akwere pa mimbari atavala, aphunzitsi a madrasa aonetsetse kuti mwana aliyense wamkulupo ali nayo, ndipo makolo ayambe ndi agogo a pakhomo. Allah atifikitse m'mwezi wa Ramadhan tili athanzi, achiritse odwala athu, ndipo awachitire chifundo amene anatsogola. Ameen.