Igwana ndi ya m'nkhalango, si ya m'khola

Ana a m'kalasi akaona chithunzi cha igwana, buluzi wamkulu wobiriwira wa minga pamsana, amafulumira kunena kuti ndi ng'azi. Mphunzitsi asavomere msanga. Ng'azi ya m'mitsinje yathu imadya mazira, nkhanu ndi achule, pamene igwana imadya masamba, maluwa ndi zipatso. Kwawonso ndi kutali: kuyambira ku Mexico kukafika ku Brazil ndi Paraguay. Kumeneko imakhala m'mitengo ya m'mbali mwa madzi, kuwothera dzuwa panthambi, ndipo ikaona mdani imadziponya mumtsinje n'kusambira.

Nyama imeneyi imagulitsidwa m'masitolo a ziweto ku United States ndi ku Ulaya. Ine ndikuti malonda amenewa amazunza igwana ndi kuwononga chilengedwe, ndipo zifukwa zake n'zooneka.

Wogula amakopeka ndi kamwana kokwana m'dzanja. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kamwanako kamakula kupitirira mita imodzi ndi theka, kuwerengera mchira, ndipo kangathe kukhala ndi moyo zaka 15 kapena kuposerapo. Yamphongo ikakhwima imaluma, kukanda ndi kukwapula ndi mchira. Ndowe zake zimakhala ndi tizilombo ta Salmonella, toyambitsa matenda otsekula m'mimba, oopsa kwa makanda. Igwanayo nayo imavutika: thupi lake limafuna kuwala kwa dzuwa kuti lipange vitamini D3 yothandiza kulimbitsa mafupa. Yotsekeredwa m'chipinda popanda nyali yapadera imafewa nsagwada, miyendo n'kupindika, mpaka kufa pang'onopang'ono.

Mwiniwake akatopa nayo amangoitaya kuthengo, ndipo vuto limasanduka la dziko lonse. Yaikazi imodzi imaikira mazira 20 mpaka 70 pachaka. Ku Florida, kumene igwana zinayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1960, zimadya zomera za m'minda ndi kukumba mauna ofooketsa makoma a ngalande. Mu 2021 boma la chigawocho linaletsa kugula igwana zatsopano zoweta. Pachilumba cha Grand Cayman zinachuluka moti mu 2018 boma linalemba alenje, ndipo pofika 2020 anali atapha zoposa miliyoni imodzi. Zolakwa zinali za anthu, koma zinafera zinali igwana.

Ena amati zambiri zogulitsidwazo zimaswedwa m'mafamu, ndiponso kuti mwana woweta nyama amaphunzira kuikonda. Mfundo yoyambayo ndi yoona, koma kubadwira pafamu sikusintha zofuna za thupi la igwana. Imafunabe dzuwa, kutentha ndi mtengo wokwera. Yachiwiriyo ndi yoona pa galu, mbuzi ndi nkhunda, zimene zakhala ndi munthu mibadwomibadwo. Pa nyama yakuthengo, chimene mwana amaphunzira n'chakuti chilichonse chokongola n'choyenera kugwidwa.

Inu aphunzitsi amawa, mwina simudzakumana ndi igwana yamoyo, koma mudzakumana ndi mwana atamanga fulu pachingwe kapena atatsekera mbalame m'chikwere. Musamukalipire, pakuti chidwi chakecho ndi mbewu yabwino. Mufunseni chimene nyamayo imadya, kumene imagona, ndi chimene ikusowa m'manja mwake. Akayankha, pitani naye limodzi ndi kalasi lonse mukaibweze pamene anaitola, ndipo phunziro lipitirire pomwepo.