Nambala 10 wabwino amaolera pa benchi chifukwa chiyani?

Timu ikagonja, woyamba kunyozedwa amakhala wapakati uja wovala nambala 10. Kaya ndi pa vidiyo sho kwa Kanduku, kaya ndi pa gulu la WhatsApp, mawu ake ndi omwewo: ndi waulesi, amachedwetsa mpira, watha ameneyu. Koma munthu yemweyo akapita timu ina n'kuyamba kuwala, ife tomwe timafunsa kuti anamugulitsiranji. Miyendo ndi yomweyo, mutu ndi womwewo. Chasintha ndi kaseweredwe ka timu.

Ku America, pa mpira wawo uja wovala zisoti, ali ndi wosewera wotchedwa quarterback. Pafupifupi kuukira kulikonse kumadutsa m'manja mwake, moti makochi akumeneko amakonza dongosolo lonse poyang'ana zimene iye amatha. Ife pa mpira wamiyendo ntchito imeneyi ndi ya wogawa mipira pakati. Koma kagawidwe kake si kamodzi ayi, kamatengera njira imene timu yasankha yofikira pagolo la adani.

Njira yoyamba ndi yosunga mpira. Barcelona ya Pep Guardiola, kuyambira 2008 mpaka 2012, inkapatsirana mipira yaifupi yapansi mpaka adani atatopa n'kutsegula mpata okha. Apa pamafunika munthu ngati Xavi, wodekha, amene amayang'ana kumbuyo kwake mpira usanamufike, ndipo sataya mpira mwachisawawa. Liwiro si lofunika kwenikweni. Koma anzake ayenera kumuyandikira nthawi zonse, ndipo ngakhale otchinga kumbuyo ayenera kudziwa kupatsira.

Njira yachiwiri ndi yotchinga kaye, kenako kubwezera mwachangu. Leicester City inatenga nayo ligi ya ku England mu 2016, Jamie Vardy akuthamangira mipira yoponyedwa kuseri kwa otchinga. Ifenso tinaiona ndi maso athu mu January 2022 ku Cameroon, pamene Mario Marinica ankalalikira mpira wothamanga. Flames inagonja 1-0 ndi Guinea, inakwapula Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango, kenako inafanana mphamvu 0-0 ndi Senegal, timu imene inadzatenga chikhocho. Kwa nthawi yoyamba tinadutsa ndime ya magulu, ndipo Morocco inachita kuchokera kumbuyo kuti itigonjetse 2-1. Pa kaseweredwe kotere wapakati alibe nthawi yovinira mpira. Akalanda, akhudze kamodzi, kachiwiri mpira upite kutsogolo adani asanabwerere m'malo mwawo. Wokonda kuchenjeretsa anthu atatu asanapatsire amapha timu, ngakhale anthu kunja akumuombera m'manja.

Njira yachitatu ndi yopanikiza adani kwawo komweko. Liverpool inagulitsa Philippe Coutinho ku Barcelona mu January 2018, anthu n'kumati nanga agawa mipira ndani. Chaka chotsatira Jürgen Klopp anatenga Champions League ndi apakati ogwira ntchito ngati ng'ombe za pangolo: Henderson, Fabinho ndi Wijnaldum. Mipira yambiri yobala zigoli inkachokera m'mbali, kwa Alexander-Arnold ndi Robertson. Ukalanda mpira pafupi ndi golo la adani, sufunanso katswiri woti akutsegulire njira.

Ndiye taonani zimene zinachitikira Juan Mata. Anasankhidwa kukhala wosewera wapamwamba wa Chelsea mu 2012 ndi mu 2013. José Mourinho atabwerera, ankafuna anthu obwerera kudzatchinga, ndipo Mata anayamba kutenthetsa benchi mpaka anagulitsidwa ku Manchester United mu January 2014. Mwezi womwewo Chelsea inagulitsanso Kevin De Bruyne ku Wolfsburg, yemwe uja anadzakhala msana wa Manchester City. Kumbali ina kuli Andrea Pirlo, amene monga nambala 10 ankavutika kupeza malo ku Inter Milan. Carlo Mazzone ku Brescia, kenako Carlo Ancelotti ku AC Milan, anamubweza kumbuyo kuti azigawa ali patsogolo pa otchinga, Gattuso akumugwirira ntchito yolanda. Mapeto ake ndi Champions League kawiri, mu 2003 ndi 2007, komanso chikho cha dziko lonse mu 2006.

Amalawife mtima wathu uli pa wogawa waluso. Tinakula tikumva za Ernest Mtawali, amene luso lake linamufikitsa ku Toulouse ku France, ndipo tinamuona Joseph Kamwendo, amene anasankhidwa kukhala wosewera wapamwamba ku Zimbabwe mu 2005 ali ku CAPS United. N'chifukwa chake mnyamata aliyense woyambira pa chikulunga amalota nambala 10. Palibe cholakwika, koma mpira wa lero umafunsa funso lina: ukataya mpira, umatani?

Nkhaniyi si ya pa kanema pokha. Makochi athu a m'midzi ali ndi mafoni, amaonera Manchester City Loweruka, Lamlungu n'kulamula goloboyi kuti aziyambira pansi. Pabwalo la pasukulu, lokhala ndi zitunda ndi timaenje, chilimwe fumbi, dzinja matope, mpira umadumpha phazi la wotchinga, adani n'kumwetsa chaulere. Sabata yotsatira kochi yemweyo waona Liverpool, akuti tiziwapanikiza, pomwe anyamata ake amakumana kawiri kokha pa sabata ndipo mpweya umatha theka loyamba lisanathe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kochi wanzeru amayamba wayang'ana bwalo lake ndi anyamata amene ali nawo. Ngati uli ndi othamanga awiri kutsogolo, funa wapakati wa mipira yaitali. Ngati uli ndi wogawa wodekha koma wosathamanga, muikire womulandira mipira pambali pake, usamuuze kuti asanduke Gattuso.

Ndipo iwe amene ukusunga ndalama ya manachesi kuti ukwere minibasi kukayesa mwayi ku Blantyre, kumbuka kuti kumeneko akupatsa mphindi zochepa chabe. Usanapite, ionere timuyo kangapo, kaya ndi Maule, kaya ndi Manoma, kaya ndi ya ligi yaing'ono. Ona kuti wapakati wawo amakhudza mpira kangati asanaupereke, ndiponso amathamangira kuti timu ikautaya. Phunzira malo achiwiri, limbitsa phazi lako lofooka, zolowera kuyang'ana usanalandire. Akakubweza, sikuti watha. Mwina wangogogoda pakhomo losafuna mtundu wako.

Kwa ife oonera, yesani izi pa masewero akubwerawa. Nambala 10 akalandira mpira, musamuyang'ane iye, werengani anzake amene athamangira kutsogolo kapena kumuyandikira. Mukapeza kuti onse aima chilili kudikira, musanamutchule waulesi mufunse kochi kuti anawauza chiyani.