Mutu wa Anyezi Umayambira Kumasamba

Mvula ikamatsazika mu Malichi ndi Epulo, ambirife timafesa anyezi panazale, ndipo pakatha masabata 6 mpaka 8 timawokera kudimba. M'kuzizira kwa Juni mbande zija zimaoneka ngati zaima, ndiye timayamba kukayikira nthaka. Komatu umu ndi mmene anyezi amakulira.

Mbewuyi ili ndi mizu yochepa, ndipo yambiri sipitirira masentimita 30 kulowa pansi. Ikakhala yaing'ono imadya pang'ono zedi. Tikathira feteleza yense tsiku limodzi, madzi othirira amatsitsira nayitirojeni kunsi kumene mizu singafike, ndalama zathu n'kulowa m'madzi.

Tikadula anyezi pakati timaona timagawo tozungulira. Kagawo kalikonse ndi tsinde la tsamba lomwe lafufuma ndi chakudya. Choncho anyezi wa masamba ambiri ndi aakulu ndiye amadzakhala ndi mutu waukulu. Masiku akayamba kutalika ndi kufunda Juni atapita, mbewu imasiya pang'onopang'ono kutulutsa masamba, n'kuyamba kutsitsira chakudya kumutu. Ntchito yathu yaikulu ili m'masabata a m'mbuyo mwa nthawi imeneyo.

Pokonza bedi tisakanize m'dothi manyowa owolerana bwino ndi feteleza wa fosifolasi, monga D Compound. Fosifolasi sayenda m'nthaka, n'chifukwa chake mizu iyenera kumupeza pafupi. CAN tigawe kawiri: patatha masabata atatu chiwokereni, kenaka patathanso ena atatu. Tizithirira pafupipafupi osadikhitsa madzi, ndipo udzu tizizula ndi manja, popeza khasu limadula mizu.

Chizolowezi cha kumunda wa chimanga chingatisocheretse. Dzina lakuti feteleza wobereketsa limatipangitsa kuthira pamene mitu yayamba kuoneka. Kwa anyezi apo m'pochedwa. Nayitirojeni wa nthawi imeneyo amanenepetsa khosi, khosi lonenepa siliuma msanga, ndipo kuwola kumalowera pomwepo. Mitu ikangoyamba kufufuma, feteleza tileke.

Masamba akayamba kugwa tisiye kuthirira. Ambiri akagona pansi tizule, tiyanike pamthunzi popita mphepo mpaka makosi aume gwa. Anyezi wofiira monga Red Creole, akauma chonchi, amasungika miyezi ingapo. Banja lotero limakhala likukazingira ndiwo anyezi wake m'dzinja, pamene kumsika kamulu kachepa koma mtengo wakwera.