TIMU YOPANDA MWAMBO NDI GULU CHABE

Anzanga aseminale, Abambo ansembe ndi inu makolo, ndikufuna kunenapo maganizo anga pa nkhani ya mpira. Ena amati mnyamata wofuna unsembe asataye nthawi ndi chikopa. Ine ndikuti mpira ndi sukulu ndithu, koma umaphunzitsa pokhapokha timu ikakhala ndi mbiri ndi mwambo wake.

Taonani matimu athu akuluakulu. Wanderers idayamba mu 1962, ndipo mu 1967 osewera ena adachokamo nakayambitsa Bullets. Maina asintha kambirimbiri potsata othandiza ndi ndalama: Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, kwinaku Yamaha Wanderers, Limbe Leaf Wanderers, Telecom Wanderers. Komabe Maule akadali ofiira, Manoma akadali abuluu. Mwana wa ku Chitakale kapena ku Muloza amadziwa kuti Kinnah Phiri adamwetsera dziko lino zigoli 71, ndiponso kuti Malawi idatenga chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978, 1979 ndi 1988, chonsecho iye anali asanabadwe. Adamva kwa atate ake. Mwambo ndi umenewo: wamkulu kusiyira wamng'ono chimene iyenso adalandira.

Nanga ife m'maseminale ndi m'sukulu za kuno ku Mulanje? Kaputeni akalemba mayeso a Fomu 4 amapita ndi mbiri yonse m'mutu mwake. Ndani adamwetsa chigoli chopambanira zaka khumi zapitazo? Yunifolomu yoyamba inali yamtundu wanji? Funsani, mudzangomva "kaya". Chaka chilichonse timayamba ngati kuti kale kunalibe anthu.

Ku America kuli yunivesite ya Chikatolika ya Notre Dame, imene adayambitsa Bambo Edward Sorin mu 1842. Mpira wawo ndi wina, wogwira ndi manja, ndipo adayamba kusewera mu 1887. Mphunzitsi wawo wotchuka, Knute Rockne, adatsogolera timuyi kuyambira 1918 mpaka 1930. Adapambana masewero 105 nagonja 12 okha, ndipo mu 1925 adalowa Chikatolika. Zipewa zawo n'zagolide potsanzira denga la nyumba yaikulu ya pasukulupo, pamene paima chifanizo cha Amayi Maria. Osewera amachita Misa pamodzi asanalowe m'bwalo. Kwa zaka zingapo Misayo idasunthidwira tsiku la dzulo lake, koma mu 2022 mphunzitsi Marcus Freeman adaibwezera pa tsiku lenileni la masewero. Mwambo ungathe kuzilala, koma ukalembedwa ndi kukumbukika umadzukanso.

Pamenepa tichenjere, pakuti si mwambo uliwonse uli wabwino. Tonse tidamva za matimu okana kulowera pachipata nalumpha mpanda, okwirira zithumwa pagolo, ogona kumanda usiku. Timu ikasowa mwambo woona, zoterezi ndizo zimalowa m'malo. Kodi mnyamata wobisa chithumwa m'sokosi lero, mawa adzalalika bwanji kuti Mulungu ndi mmodzi? Ngakhale pemphero lathu lisasanduke mankhwala. Tisapemphe kuti anzathu agonje, popeza nawonso ndi ana a Mulungu. Tipemphe kuti wina asavulale ndi kuti tisewere mwachilungamo.

Tsono ndikupempha zinthu zinayi. Choyamba, Bambo Rekitala atipatse kaundula wolembamo masewero onse, zigoli ndi maina a osewera, ndipo kaputeni wotuluka azimpereka kwa wolowa pamaso pa onse. Chachiwiri, tisankhe mtundu umodzi wa yunifolomu, tisamasinthe chaka ndi chaka. Chachitatu, tizipemphera pamodzi ndi alendo athu, ndipo masewero akatha tizigwirana nawo chanza, tipambane kaya tigonje. Chachinayi, kamodzi pachaka akale onse, ansembe ndi omwe adasankha banja, azibwera kudzasewera nafe ndi kutisimbira za m'masiku awo. Paja mawu a akuluakulu amakoma akagonera.

Makolo, musaope kuti mpira utilanda maphunziro. Paulo Woyera yemwe, polembera Akorinto, adafanizira moyo wachikhristu ndi mpikisano wa liwiro wofuna kudziletsa. Si tonse tidzafike pa guwa, koma tonse tidzafunika kumvera woyimbira, kupatsira mnzathu mpira ndi kugonja osachita ndewu. Mutu umodzi susenza denga. Tiyeni tigule kaundulayo teremu ino, akale athu akadali moyo kuti atiuze zoyamba kulembamo.