Makombo Athu Asapite ku Nasolo

Munthu amene anayendapo m'mbali mwa mtsinje wa Nasolo nyengo ya dzinja, kuchokera m'tsinde mwa phiri la Ndirande kufikira kumene madzi ake akumana ndi Mudi, naona makoko a nthochi, masamba a kabichi ndi mkute womangidwa m'majumbo zilikuyandama pamadzi omwe amayi ena achapiramo zovala za ana awo, sangaleke kudzifunsa kuti tinasokera pati ife, kuti chakudya chimene tinachipeza ndi thukuta chisanduke chotidwalitsa.

Makolo athu kumudzi sanali kudikira galimoto yonyamula zinyalala. Kuseri kwa nyumba kunali dzala, ndipo zotsala za m'khitchini zikaolerana pamenepo, maungu ndi bonongwe zinkamera zokha, zonenepa koposa za kumunda. Koma ife, titafika m'tauni, tinaphunzira kuti chinyalala nchakhonsolo, kuti chiyenera kunyamulidwa kukatayidwa kudzala la ku Mzedi. Ndipo popeza galimotoyo singalowe m'tinjira ta ku Goliyo ndi ku Makata, mmene ngakhale wilibala apita mopendekeka, timatuma mwana madzulo kukakhuthula ndowa m'ngalande, mdima utiphimbire manyazi.

Sindikunena kuti khoko la nthochi libala kolera. Koma ngalande yotsekeka isefukira m'zimbudzi ndi m'zitsime, ndipo ntchentche yoswana pamulu wa zoola siisankha mbale yoteramo. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iwo. Tsiku losesa la Lachisanu lachiwiri pamwezi, limene linakhazikitsidwa mu Novembala 2020, nlabwino ndithu, komatu tsache limangosuntha mulu, siliuthetsa.

Taonani tsono chinthu chochepa chimene ndichichonderera. Mutenge chigubu chakale kapena ndowa ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro chothina, muidule pansi pake, mubooleboole m'mbali mwake chakumunsi, ndi kuikwirira m'nthaka kufikira theka, pamalo pamene dzuwa liomba usana wonse ndipo madzi sadikha. M'menemo muzithira makombo onse, mkute, makoko ndi minga ya nsomba, ndi kuwazapo kadothi kouma kuti fungo lisatuluke. Jumbo, botolo ndi chitini zisalowemo ai. Kutentha kwa dzuwa, nyongolotsi ndi tizilombo tosaoneka ta m'nthaka zigwira ntchito yotsalayo mwakachetechete, ndipo popeza gawo lalikulu la chakudya ndi madzi, muluwo uphwa wokha, madziwo nalowa pansi kukadyetsa mizu ya papaya kapena mpiru umene mwabzala pambali. Chenjezo ndi ili: chigubucho chikhale kutali ndi chitsime, ndipo chivindikiro chisasiyidwe chotsegula, pakuti khoswe sachita kuitanidwa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Miyezi ingapo ikapita, mudzafukula dothi lakuda limene ena alilirira pogula feteleza pamtengo wozula moyo.

Ndidziwa chimene mudzandiyankha, kuti malo ali kuti? Apa mpamene mtima wanga uwawa, ndipo mawu anga alunjika kwa inu eni nyumba za lendi. Mwamanga mdadada kufikira m'malire enieni a puloti, zitseko khumi kupenyana, chimbudzi chimodzi, osasiya ngakhale pamene nkhuku ingapalase; ndipo pakutha pa mwezi mufika ndi kabuku kanu, osafunsa konse kumene mabanja khumiwo ataya zotsala zawo. Kodi amene alandira ndalama za nyumba sayenera kusenzanso katundu wa nyumbayo? Malo a chigubu chimodzi saposa pamene pakhala mtondo. Zigubu ziwiri kapena zitatu pabwalo la mdadada, china chikudzaza pamene china chikupuma, zingachepetse kwambiri zimene ana athu asenza usiku kupita nazo kumtsinje.

Amfumu a m'madera ndi makhansala athu, amene amatha kusonkhanitsa anthu pamaliro ndi pamisonkhano ya chitukuko, akhoza kulamula kuti aliyense wochititsa lendi apatule kamalo kotere mvula isanagwe. Pakuti ikadzagwa, Nasolo adzanyamula zonse zimene tamupatsa, nadzazitula pakhomo pa abale athu okhala kumunsi.